Dzina Limene Ndinakhwatcha pa Fomu ya Timu

Kabukuko kanandipeza Lachiwiri, ndikusenda nandolo pakhonde. Anabwera nako ndi wa kabaza amene amanditengera katundu kumsika wa Mbulumbuzi. Akuti wina wochokera ku Limbe anakasiya pa sitolo ya hadiweya kuti kandifike. Masamba ake anali osalala, onunkha inki, ndipo pachikuto panali chizindikiro cha timu, chomwe ine ndinachiona koyamba chikujambulidwa ndi khala pa chitseko cha chipinda cha kuseri kwa nyumba yanga. Pamwamba analembapo kuti ndi mbiri ya bungwe. Ndinasamba m'manja, ndinavala magalasi, ndinakawerenga kawiri. Kachitatu ndinawerenga pensulo ili m'manja.

Ndinapezamo zolakwika khumi ndi chimodzi. Akuti timu inayambira "kumudzi kwina ku Chiradzulu", ngati kuno ndi kuthengo kopanda dzina. Akuti oyambitsa anali atatu, pamene anali anayi. Akuti ankagwiritsa ntchito magetsi, pamene nthawi imeneyo nthambo zinali zisanafike pakhomo panga. Izi ndinangoika timitanda m'mbali. Koma cholakwika cha pa tsamba lachitatu chinandiimiritsa pampando, nandolo n'kutayikira pansi. Analemba kuti masewera amene anapezetsa timu malo ku mpikisano wa ku Blantyre anawina ndi mnyamata amene lero ndi mkulu wa bungwelo. Limenelo ndi bodza. Anawina ndi mwana wanga wamkazi, ine ndili pampando kumbuyo kwake, buku lili pamiyendo.

Kwa amene sadziwa, masewera akewo ndi mpira wa pa kanema. Anthu awiri amagwira aliyense kachipangizo kokhala ndi mabatani, kamene amati padi, ndipo zala zawo ndizo zimathamangitsa osewera a m'kanemamo. Wina akhoza kukhala kuno, mnzake ku Lilongwe, n'kumamenyana pa intaneti. Lero ndi ntchito. Ali ndi mayunifomu, mphunzitsi, ofesi, ndi kampani yowathandiza. Poyamba sizinali choncho.

Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma. Mkazi wanga atamwalira ndinatsala ndi mwana wathu womaliza, amene panthawiyo anali atalemba mayeso a fomu folo, akudikira zotsatira. Chipinda cha kuseri chinali cha matumba a chimanga, koma chaka chimenecho munalibe choikamo. Anyamata anayi anabwera kudzachipempha. Anali ndi kanema wakale, sola imodzi, batire ya galimoto, ndi makina a gemu amene mkulu wa mmodzi mwa iwo anatumiza kuchokera ku Joni. Ndinawalola chifukwa pakhomo panali zii, ndipo ndinali nditatopa ndi kumva wotchi yokha.

Sabata yoyamba yomwe anayamba kukangana. Aliyense ankati wawina kambiri kuposa anzake, ndipo panalibe woweruza. Ndinalowa n'kuwafunsa kuti amalemba pati zotsatira. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za mwezi. Mawa lake ndinagula buku la chikuto cholimba, ndinadula mizere ndi rula, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mlembi wa timu. Ankanditchula a Kalaliki.

"A Kalaliki, lembani kuti ndamukwapula zinayi kwa duu," anatero wamtali, mwana wa mwini hadiweya.

"Duu si nambala. Ndilemba ziro."

"Lembani duu, madala, kuti zimupweteke."

"Ndipo mulembenso kuti padi yanga batani lake limakakamira," anatero wogonjayo.

"Batani limakakamira ukagonja pokha, amwene?"

Ndinalemba ziro. Za batani ndinazilembanso, m'danga la ndemanga, chifukwa anali atazinena pamaso pa mboni.

Mwana wanga ankalowamo kudzasesa ndi kundibweretsera tiyi. Sindinadziwe kuti ankaonera ndi cholinga. Tsiku lina mmodzi wa anyamatawo anapita kumaliro ku Ndunde, padi imodzi n'kusowa mwini. Iye anaika tsache pakhoma, anapukuta manja pachitenje, anakhala pa benchi. Wamtali uja anaseka.

"Achemwali, iyi si mbaula. Mupsa zala."

Patapita mphindi zochepa wamtaliyo anali atamwa zigoli zitatu. Mwana wanga sanatembenuke n'komwe. Anangofunsa kuti, "Achimwene, mwayamba kale kusewera kapena ndikudikireni?"

Anzake anagwa pa benchi ndi kuseka. Wamtali anapempha kubwereza, anagonjanso. Anati, "Chitaniko chisoni, ndine mlendo pakhomo pano." Kuyambira pamenepo benchi inali ya anthu asanu.

Apa ndiyenera kufotokoza kachitidwe kathu, chifukwa ndiko kanabala bodza la pa tsamba lachitatu. Mipikisano ya pa intaneti inkafuna kuti wosewera akhale ndi akaunti yolembetsedwa ndi chiphaso ndi nambala ya foni. Mwa onsewo, amene anali ndi zonse ziwiri anali wamtali yekha. Choncho pamsonkhano wina tinagwirizana, ndipo ndinalemba ngati lamulo lachitatu, kuti timu yonse izisewera pa akaunti yakeyo, ndipo amene wapambana anzake pa zokonzekera za sabata imeneyo ndiye azigwira padi Loweruka. Kunja anthu ankaona dzina limodzi likuwina. Chipindacho ndicho chinkadziwa kuti zala zinali za ndani, chipindacho ndi buku langa, momwe ndinawonjezera danga la wogwira padi.

M'dangamo, anyamata akasewera ndinkalemba mayina awo onse awiri. Mwana wanga akasewera ndinkalemba kuti "wina".

Sindinachite mwangozi. Ndinali mkulu wa mpingo. Amayi a pa mjigo anali atayamba kale kunena kuti mwana wa a Kalaliki amaswera m'chipinda ndi amuna anayi, ndipo mayi ake akanakhalapo sizikanachitika. Panalinso mphunzitsi wina wa ku Mbombwe amene amalume ake anali atayamba kudutsadutsa pakhomo ndi nkhani ya ukwati. Ine ndikudziwa chimene pepala limachita. Zonena za pa mjigo zimatha mvula ikagwa, koma cholembedwa chimakhala. Ndinkaganiza kuti bola dzina lake lisaoneke pa pepala lililonse, ndiye kuti ndamuteteza. Kusewera ndinamulola, chifukwa ndinali momwemo ndikuona ndi maso anga kuti palibe choipa. Kulemba ndiko ndinakana.

Masewera aja anali Loweruka masana, nthawi ya chiperoni. Dzuwa linali lisanaoneke masiku atatu, ndipo batire inali yofooka. Foni yokokera intaneti tinkaipachika pa msomali wa pa zenera, chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira. Sabata imeneyo mwana wanga anali atagonjetsa onse anayi, choncho padi inali yake. Mdani anali munthu wa ku Lilongwe amene sitinamuonepo nkhope. Anathera ziwiri kwa ziwiri, n'kupita ku mapenate. Mmodzi wa anyamata anatuluka panja chifukwa sakanatha kuyang'ana. Wina ankapemphera mokweza, osati kupempherera chigoli koma batire. Mwana wanga anamwetsa penate yomaliza, uthenga wa kupambana unaoneka, ndipo ndisanamalize kulemba zigoli kanema anathima yekha. Tinakhala mu kamdima ka chifunga tikukuwa ngati amisala, ine ndemwe, mkulu wa mpingo. Kenaka ndinatsegula zenera kuti ndione bwino, ndinalemba m'danga muja: wina.

Patapita masabata awiri inabwera fomu ya ku Blantyre. Kumeneko kunalibe zobisala pa akaunti. Aliyense ankayenera kukaonekera yekha, ndipo malo anali a anthu anayi. Ine ndinawaphunzitsa kuti fomu siilembedwa popanda kaboni pansi, choncho anaika kaboni n'kulemba okha ine ndili kumunda. Nditabwera anandipatsa kuti ndisaine ngati mlembi. Dzina la mwana wanga linali pa nambala wani. Mmodzi wa iwo anali atadzipereka yekha kutsala.

Ndinatenga rula. Ndinakhwatcha dzinalo ndi mzere umodzi, monga tinkachitira ku ofesi, kuti cholakwika chizionekabe pansi pake. Pamwamba ndinalemba dzina la mnyamata anadzipereka uja, ndipo m'mbali ndinasaina, kusonyeza kuti wakonza ndine. Mwana wanga anali ataima pakhomo ndi beseni la mbatata. Anayandikira, anayang'ana pepalalo nthawi ndithu.

"Mwadula bwino, ababa," anatero. "Mzere wake ngowongoka."

Anatuluka ndi beseni lake. Pa benchi sanakhalenso.

Anyamata anapita, anafika mu ndime yomaliza, ndipo kampani ina inawaona. Chaka chisanathe anasamukira ku Limbe. Anabwera ndi galimoto kudzatenga kanema ndi sola, anandisiyira benchi. Mmodzi ndi mmodzi atatu aja anasiya, kunabwera ena atsopano, bungwe linalembetsedwa, wamtali n'kukhala mkulu wake. Mwana wanga anakhoza mayeso, anapita kukaphunzira unamwino, ndipo anapempha yekha kuti akagwire ntchito kumpoto. Mphunzitsi wa ku Mbombwe anakwatira wina. Sindinamve kuti chifukwa chake chinali chiyani, ndipo ndikukayika ngati anadziwa n'komwe za buku langa. Mwana wanga amandiimbira pa Khirisimasi. Moni wa miyezi ina umadzera kwa azakhali ake.

Chipinda chija ndimachisesabe Loweruka. Msomali ukadali pa zenera.

Nditamaliza kuwerenga kabuku kaja ndinatsegula thiranki. Zonse zinalimo: mabuku atatu a zotsatira, zokambirana za misonkhano, malamulo asanu ndi awiri, kalata yotiitana ku Blantyre ndi envelopu yake. Ndinaziika m'failo motsatana. Kaboni wa fomu ija ndinamupeza pamalo pake. Ndinamuyang'ana, ndinamutulutsa, ndinamubweza m'thiranki pansi pa makadi a sikelo a ana. Ndinadziuza kuti sakukhudzana ndi nkhaniyi.

Lolemba ndinakwera minibasi ya ku Limbe, failo ili pachifuwa. Ofesi yawo ili pamwamba, pokwera masitepe. M'chipinda chachikulu munali achinyamata atavala mahedifoni, aliyense ndi kanema wake ndi mpando wozungulira. Palibe anatembenuka. Pakhoma panali chizindikiro chathu chija, chachikulu ngati chitseko, chowala ndi magetsi. Mtsikana wa pakhomo anandifunsa ngati ndabwera kudzatenga mdzukulu.

"Ndabwera kudzakonza mbiri yanu," ndinatero.

Wamtali anatuluka yekha atamva mawu anga. Wanenepa, ndipo ali ndi kadazi.

"A Kalaliki! Mukadali ndi pensulo yomwe ija?"

"Iyi ndi ina. Ija munaitafuna inu pa mapenate."

Anaseka, anandigwira mkono ndi manja awiri, anandilowetsa mu ofesi mwake. Anaitana mayi wachitsikana amene analemba kabukuko. Anabwera ndi kope ndi cholembera, ndipo ndinaona kuti asanakhale pansi analemba tsiku pamwamba pa tsamba. Chimenecho chinandifewetsa pang'ono, ngakhale sindinafune.

Tinayenda cholakwika chimodzichimodzi. Pa chilichonse ndinatulutsa pepala, iye anawerenga, anavomera, analemba. Anati mwayi ulipo chifukwa kabukuko akukasindikizanso, ndipo Lachisanu ndilo tsiku lomaliza kulandira zosintha. Khumi zinadutsa bwino. Titafika pa tsamba lachitatu ndinakweza mawu. Ndinanena kuti ndi manyazi kuti bungwe lalikulu chonchi lidye thukuta la mwana wamkazi. Ndinaloza wamtali ndi pensulo.

"Ine ndinawauza, a Kalaliki," anatero. "Afunseni. Ndinati amene anasewera ndi achemwali. Anandifunsa pepala, ndinalibe. Za okonza mpikisano zikuonetsa akaunti yanga." Anakanda kadazi kake. "Komanso sindikubisirani, atalemba dzina langa sindinalimbane nazo kwambiri. Zinandikomera."

"Pepala ndi ili," ndinatero, ndikutsegula buku loyamba pa tsiku la chiperoni lija.

Mayi uja anatsata mzere ndi chala mpaka pa danga la wogwira padi. Anabwerera masamba angapo m'mbuyo, anapitanso kutsogolo.

"Wina," anawerenga. "Apanso wina. Apanso. Agogo, wina ameneyu ndi ndani?"

"Ndi mwana wanga."

"Ndikukhulupirirani. Koma bukuli silikutero. Enawa mwawalemba mayina awiriawiri, mpaka za batani lokakamira mwalemba. Ine ndikachotsa dzina la abwanawa, ndiikepo chiyani chimene ndingaonetse munthu akandifunsa? Inuyo mukanakhala ine mukanalola?"

Sindikanalola. Zaka zonse za ukalaliki ndinabweza anthu ambiri ndi mawu omwewo, ena atayenda wapansi kuchokera kutali. Ndinatseka buku.

Wamtali anayang'ana pa zenera, kenaka anati motsitsa, "Panali fomu ija, a Kalaliki. Ya kaboni. Inu simutaya pepala."

"Ndikayang'ana," ndinatero, ngati sindikudziwa pamene ili.

Mayi uja anawonjezera kuti ngakhale pepala litapezeka, sangasindikize dzina la munthu popanda mwiniwake kuvomera. Anandipempha nambala ya mwana wanga. Ndinati ndimuimbira ndekha.

Ndinabwerera ndi failo yanga. Lachiwiri ndinakapalira mbatata zosafunika kupalira. Lachitatu ndinatulutsa kaboni uja, ndinamuyala patebulo, ndinakhala naye tsiku lonse. Inki ya kaboni imafifira, koma dzina linkawerengeka bwinobwino pansi pa mzere, m'zilembo zokhota za wamtali. Mzerewo unali wowongokadi. M'mapepala onse a m'thiranki okhudza timu, limeneli lokha ndilo linali ndi dzina la mwana wanga, ndipo analilemba ndi ena. Changa pamenepo chinali mzere ndi saini.

Lachinayi m'mawa ndinaima pa zenera la chipinda cha kuseri, chifukwa netiweki imagwirabe pomwepo, ndinaimba. Inaitana nthawi yaitali.

"Ababa? Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira."

"Ndiye mwadwala?"

"Ayi. Pali kabuku."

Ndinafotokoza zonse motsatana, zolakwika khumi ndi chimodzi, ulendo wa ku Limbe, mayi wa kope uja. Ndinamuwerengera tsamba lachitatu. Ndinkamva phokoso la madzi, ngati akuchapa, kenaka linasiya.

"Ndiye mukufuna chiyani kwa ine?"

"Uvomere kuti alembe dzina lako."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa zimene alembazo nzolakwika."

"Ndiye vuto ndi kabuku. Kabuku kakakhala kolondola inu mugona bwino."

Ndinafuna kunena kuti inde, chifukwa ndi zoona kuti cholakwika chosindikizidwa chimandisowetsa mtendere. Koma ndinayang'ana benchi, ndipo mawu anatuluka ena.

"Ndinakhala kumbuyo kwako tsiku lija. Ndinaona penate ija. Sindinaonepo munthu wa magazi anga akuchita chinthu bwino chotero, ndipo ndinalemba kuti wina. Ndinalakwa ndine, si iwowo."

Yankho lake linali funso.

"Fomu ija mukadali nayo?"

"Ili patebulo."

"Ndinadziwa." Anapumira m'mwamba. "Dzina alembe. Koma fomuyo aijambule mmene ililimo, aiike m'kabukumo. Ndi mzere wanu womwe, ndi saini yanu ya m'mbali. Asayeretse kanthu. Anthu asaganize kuti dzina langa linangoiwalika, ngati ambulera ya m'minibasi."

"Akawerenga a ku mpingo."

"Akawerengadi. Mukufuna kapena ayi? Ndikulowa ntchito teni koloko."

Ndinati ndikufuna.

Lachisanu ndinakweranso minibasi. Mayi wa kope anaimbira mwana wanga pamaso panga, analemba nthawi imene wavomera. Kenaka anatenga kaboni uja m'nsonga za zala, anamuyang'ana, anandiyang'ana ine. Anapempha kuti pepala lenilenilo litsale, aliike m'galasi pakhoma pansi pa chizindikiro. Chiyambire sindinasiyepo pepala langa m'manja mwa munthu. Ndinamuuza kuti andilembere kakalata kosonyeza kuti walandira, ndipo anali atayamba kale kukalemba.

Kabuku katsopano kanabwera ndi wa kabaza yemwe uja. Mbulumbuzi alembamo bwino. Oyambitsa akuti anali asanu, ndipo ndinawerenga pa zala n'kupeza kuti akhoza iwo, ine ndi amene ndinkalakwitsa ponena kuti anayi. Tsamba lachitatu lili ndi dzina la mwana wanga, ndipo tsamba lachinayi lonse ndi chithunzi cha fomu, chachikulu kuposa fomu yeniyeniyo. Saini yanga ikuoneka ngakhale popanda magalasi. Mkulu mnzanga wina wa mpingo anakaona kwa mdzukulu wake, ndipo Lamulungu anandifunsa ngati ndinaganiza bwino polola zimenezi. Sindinamufunse kuti akunena kukhwatcha kapena kusindikiza. Ndinapezamo zolakwika zina zitatu, zazing'ono, ndipo ndawalembera.

Kabuku kamodzi ndinatumiza kumpoto. Kwathu mwana wanga sanabwerebe. Anaimba kamodzi mwezi watha, Lamulungu masana, popanda Khirisimasi. Anati kafika. Anafunsa ngati nandolo wachita bwino, kenaka anafunsa ngati msomali uja ukadali pa zenera. Ndinati ulipo, ndaima pomwepo. Anati chabwino, odwala akumudikira.

M'failo, pamalo pamene panayenera kukhala kaboni, ndaikapo kapepala monga tinkachitira ku ofesi chikalata chikatuluka. Ndalembapo tsiku, kumene chapita, ndi amene analamula kuti chipite. Pamenepo ndalemba mayina onse awiri a mwana wanga.